Zothina za pa Kaunjika ndi Dimba la M'nyanja

Panali munthu wina wa kwathu ku Phalombe. Inu ophunzira ntchito ya m'madzi, mundilole nditsindike kuti wa kwathu, chifukwa ndimamunyadira.

Munthuyu anabadwa ndi khungu lachialubino, ndipo mayi ake ankaopa dzuwa kuposa njoka. Anzake akamapita kukakumba mbewa masana, iye ankatsala pakhonde, chipewa chili kumutu. Tsiku silinkatha mayiwo osamugwira mutu, kupinda makutu ake n'kuyang'ana kuseri kwake ndi m'khosi ngati mwatuluka kachilonda. Anali ndi chifukwa. Mlongo wawo, wa khungu lomwelo, anamwalira ndi chilonda cha dzuwa chimene chinayamba ngati kachiphuphu pakhutu.

Atakula anakwatira mkazi wodziwa kusoka, ndipo anabereka mwana dzina lake Lonjezo. Kenaka banjalo linasamukira ku Mozambique, m'mphepete mwa nyanja yaikulu ya mchere, kumene mwamunayo anapeza ntchito yosamalira pabwalo pa malo ena ogona alendo. Chilomwe chake chinamuthandiza kumvana ndi eni dera.

Tsiku lina mnzake woyendetsa boti, Mchewa wa ku Dedza, wa pakamwa posatopa, anamubwereka galasi lovala kumaso ndi kapaipi kopumira. Ndi zimenezi munthu amagona chafufumimba pamwamba pa madzi n'kumaona zapansi, mpweya akukoka ndi kapaipiko. Munthu wathu uja analowa mwamantha. Atayang'ana pansi anaiwala kutuluka.

Mumvetse chifukwa chake. Pamtunda maso ake ankavutika ndi kuwala. Ankayenda atatsinzina pang'ono, ndipo zakutali ankaziona mwachimbuuzi. M'madzi muja kuwala kunali kofatsa, ndipo zonse zinali pafupi ndi mphuno yake. Anaona miyala yokhala ndi nthambi ngati chinangwa, ina yofiirira, ina yobiriwira, tinsomba tikulowa ndi kutuluka m'menemo. Miyala imeneyi ena amaitcha korali. Ndi miyala yamoyo: imakula, imadwala, imafa. Ikadwala imayera mbuu, ndipo nsomba zimasamuka.

M'mudzimo munali gulu la anthu otola tinthambi ta miyalayi tothyoka ndi mafunde kapena anangula a maboti, n'kutimangirira pamalo abwino kuti tikulenso. Mtsogoleri wawo anali mayi wina wolankhula mosazungulira. Munthu wathu anapempha kulowa m'gululo, ndipo anamupatsa malo ake, posaya, pamene madzi amatsala ali phee nyanja ikaphwera. Iye anapatcha dimba. Akaweruka ankathamangira kumeneko kukamanga tinthambi ndi kuchotsa ndere, ndipo akabwerako ankasimba za dimbalo mpaka mkazi wake kuyasamula.

Koma munthu wosambira chafufumimba amapereka msana wonse ku dzuwa. Madzi amakunamiza kuti kukuzizira, pamene khosi, makutu ndi akatumba zikupsa. Tsono iye asanalowe m'madzi ankadzola mafuta oteteza khungu ku dzuwa, mosaumira, thupi lonse. Ndipo ankachita bwino. Pasapezeke wina wotuluka muno n'kumati munthu wachialubino asiye mafuta ake.

Patapita miyezi, nsonga za tinthambi ta m'dimba lake zinayamba kuyera. Tsiku lina akutuluka m'madzi anapeza mayi mtsogoleri uja akumudikira.

"Tacheukani, muone pamene mwachoka," anatero mayiyo.

Anacheuka. Pamwamba pa madzi panali mafuta akunyezimira, kutsata njira yonse imene anadutsa.

"Sindikuti ndinu nokha," mayiyo anapitiriza. "Chaka chino madzi atentha, ndipo alendonso amadzola. Koma dimba lanu madzi ake sayenda, ndipo inu mumalowamo tsiku ndi tsiku. Mafuta a mtundu umenewu sagwirizana ndi miyalayi. Musiye chimodzi, mafuta kapena dimba. Ndikanakhala mayi wanu ndikanati siyani dimba."

Zinamupweteka kwambiri. Chinthu chimene ankachikonda koposa ankachidwalitsa ndi thupi lake lomwe. Atafika kunyumba, chakudya anangochiyang'ana. Mkazi wake anaimitsa makina osokera.

"Bambo a Lonjezo, mwatani?"

Iye anafotokoza zonse, n'kumaliza kuti, "Ndikasiya mafuta ndifa ine. Ndikapitiriza lifa dimba."

"Anakuuzani ndani kuti njira ndi ziwiri zokha? Pamtunda pano chimakutchingirani msana n'chiyani? Si malaya?"

"Malaya m'madzi amafufuma ngati thumba. Amalemera."

"Amalemera akasokedwa ndi ena," anatero mkaziyo, nadzuka kukatenga chikwama chake.

Anapita pa kaunjika, navundukula milu mpaka ogulitsa kudandaula. Anabwerako ndi zothina, zotanuka zija amavala atsikana pothamanga, za nsalu yolukana kwambiri yosaonekera. Anazisula, nazilumikiza, nasoka chovala chimodzi chochokera kumapazi mpaka kumutu, chokhala ndi chipewa chake chophimba makutu ndi khosi, ndiponso zovala za m'manja. Pa kaunjika susankha mtundu. Mwendo wina unali wakuda, wina wofiirira. Pamsana panali maluwa.

Mwamunayo anachinyamula ndi zala ziwiri.

"Mayi a Lonjezo, izi n'zachizimayi."

"Dzuwa silidziwa zimenezo."

Panatsala milomo ndi masaya, pamene galasi silifika. Mayi mtsogoleri uja anamuthandiza kufunsa kuchipatala, ndipo anapeza mafuta a mtundu wina, oyera, olimba, amene anamuuza kuti savutitsa kwambiri zamoyo za m'madzi. Pamalo pochepa potero pankangofunika kadontho. Mafuta akale aja anawasungira pamtunda.

Tsono panatsala chinthu chimodzi, ndipo chimenecho mkazi wake sakanamuchitira: kuyenda kuchoka pakhomo kukafika kumadzi.

Anatuluka masana, dzuwa lili paliwombo. Pamchenga panali podzaza. Asodzi ankasoka maukonde, amayi ankasankha nsomba, alendo anali gone pamipando yawo. Woyamba kumuona anali Mchewa wa boti uja.

"Gule watuluka!" anakuwa. "Osavinidwa thawani!"

Gombe lonse linafa nacho chiseko. Msodzi wina anafunsa ngati akazi ake akudziwa kuti wawabera zovala. Wina anati maluwawo awathirire asafote. Munthu wathu anaima. Moyo wake wonse anthu anali akumuyang'anitsitsa, ndipo anali ataphunzira kudutsa m'mbali kuti asaonekere. Lero anali atavala chinthu chooneka ngakhale kwa munthu wa m'boti lakutali. Nyumba inali pafupi kumbuyo kwake. Akanatha kubwerera, n'kukavula, n'kuliiwala dimbalo, ndipo palibe akanamudzudzula.

Sanabwerere. Anawongola msana, nayenda pang'onopang'ono pakati penipeni pa anthuwo ngati mkulu wa mpingo wovala suti yatsopano. Msodzi aliyense anamupatsa moni pomutchula dzina. Atafika pa mnzake wa ku Dedza anati, "Achimwene, gule mwamuona. Musuntheko, akalime." Anavala galasi lake, nalowa m'madzi.

Mawa lake anthu anamusekanso. Mkuja wake chiseko chinachepa. Kuseka munthu amene sakuchita manyazi kumatopetsa.

Sindikunamizani kuti dimba lonse linachira. Tinthambi tina tinali titafa kale, ndipo iye anatichotsa ndi manja ake, mtima ukuwawa. Koma nyengo yotentha itadutsa, tambiri tinabwerera mtundu wake, ndipo tinsomba tinabweranso. Kumbuyo kwake sikunkatsalanso mafuta. Alendo ena, atapsa misana mpaka kulephera kutsamira mpando, anayamba kufunsa kumene chovala chotere chimapezeka. Amene ankawalozera njira ya kwa mayi a Lonjezo anali Mchewa yemwe uja, ndipo ankalankhula ngati nzeruyo inachokera kwa iye.

Mbiri inafika ku Phalombe, koma inafika yopindika. Mayi ake anangomva kuti mwana wawo amakhala padzuwa m'madzi ndipo anasiya kudzola. Sanadikire kumva zambiri. Anakwera galimoto ulendo wautali wonsewo, mtima uli m'mwamba, akuganiza za mlongo wawo uja.

Anamupeza akutuluka kumene m'nyanja, madzi akuchucha m'maluwa a pamsana. Moni sanapereke. Anamuvula chipewa chija pamaso pa anthu onse, namugwira mutu, munthu wamkulu wokhala ndi mwana wake. Anapinda khutu lamanja, nayang'ana. Anapinda lamanzere. Anayendetsa chala m'khosi monse mpaka m'mapewa. Sanapeze kanthu. Khungu linali losalala kuposa mmene analisiyira.

Mayiwo anapuma mozama.

"Amayi," anatero mwanayo, "mwaona zimene munabwerera. Tsopano bwerani muone zimene ndinabwerera ine."

Mayiwo anakana, anati sanasambirepo chibadwire. Iye anawagwira dzanja, nawalowetsa m'madzi olekeza m'chiuno, nawaveka galasi. Anawerama. Anakhala chowerama mpaka mwanayo anachita mantha n'kuwadzutsa.

"Izi wabzala ndiwe?"

"Ndine, amayi."

"Padzuwa lonseli?"

"Padzuwa lonseli."

Mayiwo anatembenukira kumtunda, galasi likadali kumaso, naimba nthungululu yoti gombe lonse linasiya ntchito. Kenaka anati, misozi ikusakanikirana ndi madzi a mchere, "Ine ndinkati kumusunga n'kumutsekera pakhonde. Muoneni mwana wanga! Ali bwinobwino, ndipo munda wake uli moyo." Atatero anayang'ana mpongozi wawo amene anaima pamchenga ndi Lonjezo. "Mayi a Lonjezo, nsalu ija inatsalako? Mundisokere changa. Maluwa akhale ambiri."

Inu amene mukuphunzira ntchito yoperekeza alendo m'madzi, nanunso mudzadzitchinjiriza ku dzuwa, ndipo muyenera kutero. Thupi lanu si loti mulipereke nsembe. Koma nthawi zina mudzacheuke, muone chimene mukusiya pamene mwadutsa. Pansi panu pali zamoyo zimene sizingakuweruzeni, sizingathawe, zimangoyera n'kufa. Wina akadzakuuzani kuti musankhe pakati pa khungu lanu ndi moyo wa zimenezo, musafulumire kuvomera. Funani chovala. Ndipo mukachipeza chili ndi maluwa pamsana, chivaleni, mudutse pakati pa gombe mutawongola msana, monga anachitira munthu wa kwathu uja.