Kakitasi wa Pawindo la Telala

Pawindo la chipinda chosokeramo cha telala wina wamkazi panali kakitasi, chomera chaminga chija chosafuna madzi ambiri. Anali wa malemu amayi ake, wozungulira ngati mpira, wa mizere yakuya ndi minga yachikasu yothithikana. Amayiwo atamwalira, telala ankamuthirira m'mawa uliwonse, ngati kuti chisoni chimasungunuka ndi madzi. Chikondi chinapyola muyeso, kakitasi n'kuyamba kuola kumizu.

Telalayo anali ndi mlongo wake wamng'ono amene sankalankhulana naye bwino, chifukwa pamaliro a amayi awo mlongoyo anafika anthu ataika kale. Mlongoyo atamva za kakitasi, anabwera atanyamula kachitini. M'menemo munali chomera chowonda ngati chala, chotumbuluka, minga yake yapatalipatali.

"Achemwali, uyu ndi mwana wake. Amayi anandibenthulira tsiku limene ndinkachoka pakhomo."

Telala anavala magalasi. Anawerenga mizere, anayerekeza minga, n'kupukusa mutu. Anati maso amene amalowetsa ulusi pasingano sanganamizidwe ndi kachomera kogula m'mbali mwa msewu. Mlongoyo sanatsutse. Anangoseka pang'ono, nati ngakhale iyeyo anthu savomera kuti ndi m'bale wa telalayo akaona mphuno. Anasiya kachitini kuseri kwa chitseko, koma pobwerera anayenda mozyolika.

Kachitini kanakhala pomwepo popanda wokayang'ana, uku wa pawindo akunka nafewa.

Tsiku lina kunabwera mayi wodzachepetsa siketi, amene ankagwira ntchito yopima zomera ku yunivesite. Telala anamufotokozera zonse, mapini ali pakamwa. Mayiyo anati maonekedwe amathandiza ndithu, koma amasintha ndi malo. Chimene sichisintha ndi DNA, chidindo cha chibadwa chimene chili m'kati mwa chamoyo chilichonse. Anapempha kachidutswa ka chomera chilichonse kuti akapime. Telala anavomera, koma mumtima ankangofuna kum'gwira bodza mlongo wake.

Pamene mayiyo ankabwera ndi zotsatira, wa pawindo anali atagwa kale.

"Ndi chomera chimodzi," anatero. "Kakitasi akasowa dzuwa amatalika n'kuwonda, kufunafuna kuwala. Kodi mlongo wanuyo amakhala m'nyumba yamdima?"

Kumeneko telala anali asanapondeko n'kamodzi komwe.

Anatseka chipinda dzuwa likadalipo, nafunsira njira mpaka anafika kuseri kwa sitolo ya matayala. Mlongo wake ankakhala m'kachipinda ka windo limodzi, loyang'anizana ndi khoma. Pawindopo panali mkombero wa dzimbiri, pamene kachitini kanakhala zaka zonsezo.

"Iwe, ukukhala muno ngati mleme?" anafunsa telala.

"N'chifukwa chake nanenso ndinawonda, achemwali."

Anaseka onse awiri, telala akupukuta magalasi amene sanali akuda n'komwe.

Lero kachitini kali pawindo la chipinda chosokeramo. Nsonga ya chomeracho yayamba kunenepa, ndipo timinga tachikasu tikusuzumira. Wothirira ndi mlongoyo akabwera kudzadya nawo, poti telala dzanja lake pa madzi salikhulupiriranso. M'nyumbamo chinaola ndi chomera chokha, pakuti chibale ndi fupa, sichiola.