Buku Lomwe Linkaonda

"Kodi buku lonenepa chonchi munthu amalimaliza akadali moyo?"

Anafunsa motero bambo wina ali kunyumba kwake. Mkazi wake ankasita malaya, ndipo bukulo, la mayeso a ukatswiri wa zachuma, linangoti phee patebulo ngati njerwa. Wofunsayo anali wowerengera ndalama pakampani ina ya inshulansi, ndipo anzake ankamutcha Liwiro. Abwana anali atanena poyera kuti mpando wa mkulu wa nthambi upita kwa amene akhoze mayesowo, komanso kuti kampani imalipirira munthu kamodzi kokha.

Liwiro anatulukira njira yakeyake. Akangomaliza tsamba, ankaling'amba n'kuliponya m'katoni.

"Abambo, buku lodula lija mukulisadzula ngati kabichi?" anafunsa mkazi wake.

"Zimene zalowa m'mutu sizifunanso pepala, mayi. Ndikufuna ndiziliona likuonda."

Linaondadi. Mutu wa chiwongoladzanja anaumeza osatafuna, wa misonkho unangomudutsa ngati mphepo. Kuofesi ankaseka mnzake wa kunthambi ya malipiro, mayi yemwe ankawerenga ndime imodzi, kutseka buku, kudzifunsa mafunso, n'kubwereranso pomwepo.

"Achemwali, mukadali pa mutu wachitatu? Mayesowa adzakupezani muli pa penshoni."

"Tsogolani, achimwene. Mudzatiuze za kutsogoloko."

Mayeso atayandikira, bukulo linali litatsala chikuto chokha. Liwiro anatenga mafunso a zaka zam'mbuyo kuti adziyese. Funso loyamba analizindikira nkhope, ngati munthu amene munakwerapo naye basi, koma dzina silinabwere. Lachiwiri chimodzimodzi. Anaitana mkazi wake.

"Mayi, katoni ija ili kuti?"

"Ya zinyalala ija? Ndinawapatsa mayi ogulitsa mtedza pakona paja. Si munati zonse zalowa m'mutu?"

Anathamangira kukonako tayi ili paphewa. Anapeza mayiwo akupinda tsamba lililonse ngati nyanga n'kuthiramo mtedza wokazinga. Kupempha mapepala kunamuchititsa manyazi, munthu wa tayi, choncho anayamba kugula.

"Osati uwo, mayi. Ndipatseni uli m'pepala la misonkholo."

"Wonsewu mchere wake ndi umodzi, bambo."

Masamba ambiri anali atapita kale ndi anthu odikira basi. Amene anawapeza anali onona mafuta komanso osatsatana. Ndime inkayamba bwinobwino, n'kukathera m'thumba la munthu wosadziwika. Tsiku ndi tsiku ankabwera kunyumba matumba ali tho, ndipo banja lonse linatafuna mtedza mpaka nsagwada kudandaula. M'chipinda cha mayeso, funso lililonse linkamununkhira mtedza, koma yankho silinkatuluka.

Zotsatira zitafika, mayi wa kumalipiro anasamukira mu ofesi ya mkulu wa nthambi, atakumbatira buku lake lathunthu, lakuda ndi zala. Anaima pang'ono pa desiki ya Liwiro.

"Achimwene, kutsogolo kuja kunali bwanji?"

Liwiro anangoyang'ana kompyuta, yomwe inali yozimitsa.

Madzulo ake, mkazi wake anaika mbale ya mtedza wotsala patebulo, pambali pa chikuto chija. Liwiro anakankhira mbaleyo kutali.

"Kuyambira lero, mtedza usalowenso m'nyumba muno."

 Mkaziyo anangotenga chikutocho n'kuvundikira mbale. Akuluakulu aja sananame: kuthamanga si kufika.