Paipi ya Mkulu ndi Nthambi ya Mng'ono

Panali munthu wina ndi mng'ono wake, amene bambo awo adawasiyira malo pachitunda, m'mphepete mwa tauni. Wamkuluyo adamanga kumunsi. Madzi a mvula ankamuvutitsa, ndiye adakumba yekha ngalande, nakwirira paipi yaikulu yotengera madziwo kumtsinje. Kuyambira pamenepo pabwalo pake pankauma msanga, ndipo anthu ankamutama kuti ndi munthu wanzeru.

Patapita zaka, mng'ono uja adabwerako kumene ankagwira ntchito. Adamanga kumtunda nyumba ya malata ofiira, ya mawindo aakulu ndi khonde lalitali. Odutsa mumsewu adasiya kuyang'ana kumunsi. Ngakhale mkazi wa wamkuluyo ankayanika zovala maso ali kumtunda. Mwamuna wake ankaziona zonsezi.

Dzinja litayandikira, wamng'onoyo adatsika, nakhala pansi mwaulemu.

"Achimwene, madzi a padenga panga alibe kolowera. Mundilole ndilumikize kanthambi kupaipi yanu ija."

"Lumikiza," adatero mkulu wake, akuyang'ana kumbali.

Mmisiri adabwera, nakumba kuseri kwa nyumba ya wamkuluyo mpaka adaipeza paipi yakale. Adaiboola, nalowetsa yatsopano, namata bwino, nakwirira. Wamkuluyo adaimirira pomwepo mpaka ntchito idatha, mtima ukumuwawa. Mumtima ankati: nyumba yabwino ndi yake, anthu akutama iye, ndiye ndi thukuta langa lomwe adyerepo?

Tsiku lina mng'ono wake atapita kumaliro, iye adatenga khasu. Adafukula polumikizira paja, natsekula kukamwa kwa nthambiyo, nakankhiramo thumba ndi simenti yokandakanda. Adakwiriranso, napondaponda dothi. Tsiku limenelo adadya bwino.

Mvula idayamba. Madzi a kumtunda adatsika munthambi muja, napeza potseka. Adang'amba polumikizira, nayamba kulowa m'nthaka mwakachetechete, pafupi ndi maziko a nyumba ya wamkuluyo. Pamwamba sipankaoneka kanthu. Pansi dothi linkasanduka phala. Khoma lidachita mng'alu, kenako lidapendekeka, ndipo masana ena, ana atangotuluka m'chipinda, lidagwa.

Woyamba kufika adali mng'ono wake. Adasenza mabulangeti ndi mapoto mvula ikumukwapula.

"Achimwene, tiyeni kumtunda. Chipinda chilipo."

Kutacha mng'onoyo adaitananso mmisiri uja kuti aone chalakwika. Mmisiriyo adakumba, natulutsa chibuma cha simenti chitakulungidwa m'thumba, nachiika pakati pa abale awiriwo. Wamng'onoyo adachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako adayang'ana mkulu wake, amene adali atawerama.

"Tayani uko," adauza mmisiri. "Mulumikizenso."

Wamkuluyo adakhala dzinja lonse pansi pa denga lofiira lija, akudya chakudya cha mlamu wake, mkazi wa mng'onoyo.

Tsono inu mukundimvanu, mudzifunse nokha. Alipo m'bale wanu amene zikumuyendera, ndipo inu mudamuvomera pakamwa koma mumtima mudamutsekera njira? Nsanje imagwira ntchito pansi, pamene maso safika, ndipo imayambira pamaziko a mwini wake. Ngati pali pamene mudatseka, katsekuleni lero ndi manja anu, khoma lisanagwere ana.