Mvuu Abisa Dziwe kwa Dzuwa

Padangokhala, kalekale mitsinje isanadziwe mlatho, Mvuu amene ankakhala m'dziwe lalikulu patsinde pa phiri. Dziwelo linali la aliyense. Njati ankamwa pomwepo, Mbidzi pomwepo, anyani pomwepo, ndipo m'katimo matemba ndi milamba zinkaswana mosawerengeka. Koma poti Mvuu ndiye ankaviikamo thupi usana wonse, anayamba kumati "dziwe langa".

Pakati pa dziwelo panali mwala umene sunkaoneka. Chaka china chilimwe chitafika pachimake, Mvuu anavuuka m'mawa n'kupeza mwala watulutsa mutu. Mawa lake watulutsa mapewa. Mkuja wake, Kakowa, mbalame yoyera ija ya miyendo italiitali, anali ataimapo mapazi ali gwaa, ouma.

"Mayo ine! Kakowa, mwalawu ukukula kodi?"

"Mwala sukula, malume. Madzi ndiwo akutsika."

"Akutsikira kuti?"

Mvuu anazungulira dziwe lonse akufwenthera, uku akuimba:

Ndani wamwa, ndani wamwa?
Dziwe langa laphwa, ndani wamwa?

Njati atabwera kudzamwa, Mvuu anamuyang'ana pamimba. "Chimimba chonsechi ndi madzi anga! Choka!"

"Achimwene, ine ndayamba kumwa pano nyanga zisanamere," anatero Njati.

"N'chifukwa chake laphwa. Choka!"

Njati anachoka. Mbidzi anabwera, anathamangitsidwa. Anyani anabwera, anathamangitsidwa. Padziwe panangoti zii. Koma kutacha, mwala uja unali utatulutsa chiuno.

Ndani wamwa, ndani wamwa?
Dziwe langa laphwa, ndani wamwa?

Tsiku lina dzuwa likungotuluka kumene, Mvuu anaona chinthu choyera chikufuka pamwamba pa madzi, tolotolo kukwera kumwamba. Anafuula:

"Kakowa! Dziwe likupsa!"

"Si utsi umenewo, malume, ndi nthunzi. Dzuwa likutunga madzi."

"Likutunga? Masiku onsewa ndakhala ndikuyang'ana kumtunda, chikhalirecho wakuba ali kumwamba!"

"Si wakuba," anatero Kakowa. "Ine nthunziyo ndinaitsatirapo ndi mapiko angawa. Dzuwa limatunga, mtambo umasenza, phiri limatula, ndipo kamtsinje kaja kamene kamalowa kumpotoku kamabweza. Madzi mukusambawa apita kumwamba n'kubwerako kambirimbiri, agogo anu asanabadwe."

"Mbala iliyonse imati ndibweza," anatero Mvuu. "Ine ndiwabisa madziwa. Dzuwa likafune kwina kotunga."

Anayenda masiku awiri mpaka kumtsinje waukulu kuchigwa. Kumeneko anaona zomera zoyandama, zamasamba onenepa ndi maluwa okongola, zitaphimba madzi moti ngakhale dontho silinkaoneka. Anali namasupuni. Mvuu anatapa odzaza m'kamwa, n'kubwerera nawo kwawo, n'kuwalavulira m'dziwe.

Kakowa anapukusa mutu. "Malume, kumene ndinaona zomera zimenezi, sindinatoleko nsomba ngakhale imodzi."

"Iwe umangoganiza za m'mimba mwako."

Namasupuni anabereka ana, anawo anabereka ana, adzukulu anabereka ana. Mwezi usanathe dziwe lonse linali biriwiri ngati dimba la mpiru. Dzuwa linatuluka, linayang'ana, silinaone madzi. Mvuu anaseka mpaka nthiti kuwawa.

Kenaka kunayamba kununkha. Mvuu anakankha masamba ndi mphuno, n'kuona matemba ali mimba m'mwamba, mbuu! Anakankha pena, matemba mbuu! Milamba inali itatulutsa ndevu, ikupuma wefuwefu. Anaimirira kuti aone bwino, ndipo madzi amene kale ankamumiza makutu anangomulekeza m'mawondo.

Anaimbanso:

Ndani wamwa, ndani wamwa?
Dzuwa silikuona, nanga ndani wamwa?

Kakowa anazula namasupuni mmodzi ndi mlomo n'kumutukula. Kunsi kwake kunali mizu yakuda, yowirira ngati ndevu za tonde, madzi akuchucha.

"Alendo anuwa, malume, aliyense ali ndi pakamwa. Amamwa usana, amamwa usiku, ndipo nsomba azitsekera mpweya."

Nthawi yomweyo kuphiri kunagunda. Mitambo inali bii, ndipo mvula inagwa kumeneko masiku atatu osakata. Tsiku lachitatu Mvuu anamva kamtsinje kaja kakubwera, kakulindima, kakugubuduza miyala.

"Madzi anga akubwera! Kakowa, unanena zoona, akubwera!"

Madzi anafikadi pakhomo pa dziwe. Koma pakhomopo namasupuni anali atalukana ndi matope ndi zinyalala, chikhoma chenicheni. Madzi anagunda, anabwerera. Anagundanso, anabwerera. Kachitatu anakhota, anang'amba njira yatsopano m'tchire, n'kulambalala dziwe, ulendo wa kuchigwa.

Mvuu anaona ndi maso ake madzi akudutsa potero. Anaona Njati akumwa m'njira yatsopanoyo, Mbidzi akumwa, ana a anyani akuwazana. Anati anyamule mwendo awatsatire, matope anakana. Anati anyamule wina, matope anakana. Mitambo itayera, dzuwa linamupeza msana uli pamtetete, ndipo khungu linayamba kung'aluka ngati dambo louma.

"Kakowa," ananong'ona, "kaitane Njati."

Njati anabwera pang'onopang'ono, madzi akudontha kukamwa, n'kuima patali.

"Mwaitana mbala, achimwene?"

"Ndinakulakwira, m'bale wanga. Ndikufa."

"Mukafa inu ndi maliro a tsiku limodzi," anatero Njati. "Koma madzi awa akuthamangira kuchigwa, mvula ikatha atha. Likafa dziweli, chilimwe chikubwerachi tifa tonse. Anyani, bwerani! Mbidzi, bwera!"

Anyani anazula namasupuni ndi manja, Njati anakokolola ndi nyanga, Mbidzi anakokera pathanthwe kuti dzuwa liumitse. Anazula, anakokolola, anakoka. Anazula, anakokolola, anakoka. Tsiku lachinayi Njati anagwetsa chikhoma chija ndi mutu, anyani anatseka njira yatsopano ndi miyala, ndipo madzi analowa m'dziwe, khuthu! Anafika m'mawondo mwa Mvuu, anafika pamimba, anafika pamsana wong'aluka uja. Matope anamumasula.

Milamba yochepa inapulumuka. Matemba anali atatha psiti, ndipo panapita zaka dziwelo lisanaonenso ngakhale limodzi. Mvuu atayang'ana mulu wa namasupuni pathanthwe, wautali kuposa Njati, n'kukumbuka kuti anaubweretsa yekha m'kamwa kamodzi, anatsegula kukamwa kuti yasa! Mpaka lero mukamuona mvuu atayasama pakati pa madzi, si tulo ayi, akudabwabe.

Ana inu, gwirani mawu awa: madzi ndi apaulendo, wowatsekera kuti akhale ake yekha amatsala ndi matope.