Mbuzi ya Boma ndi Msewu wa Phula

Panali mayi wina wamasiye m'mudzi wa kuseri kwa phiri. Chaka china boma linachita zinthu ziwiri kumeneko. Linamanga msewu wa phula, ndipo linagawa mbuzi zazikazi kwa mabanja osauka. Lamulo linali limodzi: mbuzi ikaswa, mwana wamkazi woyamba umupereke kwa mnzako amene sanalandire.

Amuna a pabawo anakangana mpaka malovu kuuma. Ena amati chitukuko ndi msewu, mbuzi n'zonyengerera ana. Ena amati phula sadya. Malole ankangodutsa, osaima.

Mbuzi ya mayi uja inaswa kamwana kakakazi. Kanasiya kuyamwa mu Febuluwale, m'nkhokwe mulibe kanthu, ana akugonera madeya. Ndiye kunabwera bambo wokazinga nyama pachiwaya cha pamsewu.

"Mayi, ndigulitseni kameneka," anatero. "Mukanene kuti kanajiwa ndi fisi. Anzanu onse akutero."

Sananame. Fisi wa chaka chimenecho anali wodabwitsa, ankasankha ana a mbuzi za boma okhaokha.

Mayi uja anayang'ana ana ake, mtima unamuwawa. Komabe anamanga kambuziko chingwe m'khosi, nakakasiya kwa Nankhoma, mnzake amene anatsala pogawa paja. Anabwerera akupukuta misozi, natenga khasu kukasaka ganyu.

Mbuzi ya Nankhoma itaswa, iye anachita manyazi kunamizira fisi. Anapereka. Wolandirayo nayenso anapereka. Patapita zaka, kumtunda kwa mudziwo kunadzaza makola.

Tsiku lina lole ya ogula mbuzi a m'tauni inaima, poti lole siimira mbuzi imodzi. Kuyambira pamenepo inkaima mwezi uliwonse. Mayi uja anafolera nyumba ndi malata, ana ake osagonanso ndi njala. Onamizira fisi aja ankangokhala m'mbali mwa msewu, kuonerera mbuzi za anzawo zikukwera.

Inu amene mwalandira mbuzi lero, musataye nthawi kukangana ngati a pabawo aja. Mbuzi popanda msewu imangotha masamba a m'dimba. Msewu popanda mbuzi ndi wa magalimoto a eni ake. Boma lingatipatse zonse ziwiri, koma silingakoke chingwe kuchoka pakhomo panu kukafika pa mnzanu. Kupatsa n'kuika. Febuluwale adzafika, wachiwaya adzafikanso, ndipo chingwe chidzakhala m'manja mwanu.