Mapulogalamu Anayi, Nkhope Imodzi

Anzanga, khalani pansi msanga, nkhani yake ndi iyi!

Panali munthu wina, mphunzitsi wa masamu, dzina lake a Malikebu, amene ankasunganso kiyi wa chipinda cha makompyuta pasukulu ina ya sekondale. Kiyiyo ankamukonda kwabasi, moti ankamumangirira pa lamba ngakhale popita ku tchalitchi.

Tsiku lina akuluakulu anati pulogalamu yaikulu yoyendetsa makompyutawo yakalamba, ichotsedwe, aikemo ya mtundu wina. A Malikebu anavomera. Koma anali ndi mapulogalamu awo anayi amene sakanawasiya zivute zitani: yolembera makalata, yosungira malikisi a ana, ya nyimbo za kwaya, ndi yachinayi imene sankaitchula pagulu, ya bawo.

Anayiwa anabadwira m'dongosolo lakale, ndiye m'latsopanoli sakanayenda okha. A Malikebu anapeza pulogalamu ina yowanyamula, ngati minibasi, ndipo onse anafika bwinobwino. Koma taonani! Pa kamzere ka m'munsi mwa sikirini, pamene pulogalamu iliyonse yotsegulidwa imaonetsa kachithunzi kake, panatuluka tizithunzi tinayi tofanana ndendende. Kabokosi kotuwa, kabokosi kotuwa, kenanso, kenanso. Ngati anyamata a Fomu 1 ometa mpala tsiku lotsegulira sukulu!

Akafuna kalata, kwaya inkayamba kuimba. Akafuna kwaya, ankatulukira malikisi.

Tsono a Malikebu anali munthu wolemba dzina pa chilichonse: pa kapu ya tiyi, pa ambulera, ngakhale pa bokosi la choko. Choncho anadula timapepala tinayi, n'kulembapo mayina a mapulogalamu aja, n'kutimata ndi selotepi pa galasi la sikirini, kalikonse pamwamba pa kabokosi kake. Atatero anasisita m'manja, amvekere, "Zatheka basi!" Sankadziwa kuti tizithunzi timafola ngati anthu pa mjigo: woyamba kufika ndiye amakhala kutsogolo. Lero ukayamba kutsegula kwaya, mawa makalata, mzere wonse wasintha. Koma timapepala tija, phee, pamalo pomwepo.

Linafika tsiku la msonkhano wa makolo. Makolo ena ankang'ung'udza kale kuti chipinda chija n'chongoseweretsa ana, kuli bwino chikhale chosungiramo madesiki othyoka. Mphunzitsi wamkulu, Mayi Nachisale, anauza a Malikebu kuti aonetse malikisi pakhoma ndi pulojekita, anthu adzionere okha phindu la makompyuta.

A Malikebu anakonza tayi. Anatsokomola. Anadina kabokosi kamene pamwamba pake panali kapepala ka MALIKISI.

Mayo ine! Khoma lonse linadzaza bawo, maenje aakulu ngati mabeseni, ndipo pamwamba pake malemba ofiira akuti: "Malikebu wagonja ka 47."

Holo yonse inangoti gwe! ndi phwete. Bambo wina wa chipewa chamlaza anafuula ali kumbuyo, "Aphunzitsi, mukadayambira dzenje la kumanzerelo! Ngakhale mdzukulu wanga akhoza kukudyani!"

Mayi Nachisale sanaseke. Anangotambasula dzanja, a Malikebu n'kumasula kiyi pa lamba.

"Komiti ya makolo ibweranso Lolemba," anatero mayiwo. "Zikadzachitikanso izi, chipindachi n'cha madesiki othyoka." Kenaka anayang'anitsitsa timapepala tija n'kufunsa, "Kodi aphunzitsi, mwana akasamuka pa desiki, dzina lake limatsala pa desikipo?"

Funsolo linawatsata a Malikebu mpaka kunyumba, linadya nawo, linawaperekezanso ku sukulu Loweruka m'mawa pamene anakabwereka kiyi uja. Anamatula timapepala tonse. Ndiyeno anachita zimene akanayenera kuchita poyamba: anafunsa kompyutayo kuti pulogalamu iliyonse ikudzitchula dzina lanji.

Eti anzanga, onse anayi ankayankha dzina limodzi, dzina la pulogalamu yowanyamula ija! Zili ngati mphunzitsi akuitana mayina m'kalasi, mwana aliyense n'kumayankha kuti, "Ndine minibasi." Nanga kamzere kaja kakanatani? Kankangowapatsa onse nkhope ya minibasiyo.

A Malikebu anakhala pansi. Pulogalamu iliyonse anaikonza kuti izinena dzina lakelake ikamatseguka. Iliyonse anailemberanso kafayilo kakang'ono, muli dzina lomwelo, chilembo ndi chilembo osaphonya, ndi kachithunzi kake. Makalata anawapatsa envelopu. Malikisi, cholembera chofiira. Kwaya, ng'oma.

Atafika pa yachinayi, dzanja linaima. Mtima unati, "Ikanipo chithunzi cha buku la masamu, adziwa ndani?" Anaganiza, anaganizanso, anakumbukira holo ija. Anaikapo bawo weniweni, maenje ake onse poyera.

Lolemba komiti inafika, ndi bambo a chipewa aja omwe. A Malikebu anatsegula mapulogalamu mosokoneza dala, uyu patsogolo, uyu pambuyo. Anadina cholembera chofiira, malikisi mbee pakhoma! Anadina ng'oma, kwaya inaimba. Makolo anaomba m'manja.

Mayi Nachisale analoza kachithunzi kachinayi. "Nanga aka?"

"Ndi bawo, mayi," anayankha a Malikebu. "Ndamuika poonekera kuti ndisadzamudinenso pamaso pa anthu."

Mayiwo anatulutsa kiyi m'chikwama, n'kumuika m'manja mwa a Malikebu. Komiti itatuluka, mayiwo anakoka mpando. "Tasunthani, aphunzitsi. Yambitsani bawo wa anthu awiri, ndione ngati n'zoona kuti mumagonja chotere."

Zinali zoona. A Malikebu anagonja ka 48.

Ndiye inu anzanga, mwamva? Dzina lomata pa malo silitsata mwini wake akasuntha. Mukasamutsa pulogalamu, musakhutire kuti yafika: ipatseni dzina lake ndi nkhope yake, ngakhale ija mumachita nayo manyazi. Ndipo inu nomwe mukafika malo achilendo n'kufunsidwa kuti ndinu yani, chonde, musatchule minibasi imene yakubweretsani!