Mpeni wa Che Yasini

Che Yasini, wozinga mbuzi pamsika wa Ntaja, anafika pamzikiti pathu titangotha swala, pemphero la masana. Unali mwezi wa Ramadhani, wosala chakudya ndi madzi usana wonse, dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinkaphunzira kwa Shehe Bwanali Likwata, ndipo ndinaona zonse. Che Yasini anakana mkeka. Amati akhale, adzuke, akhalenso, manja atawapana m'khwapa. Ndinamva chisoni, munthu wa nthabwala uja atatha chonchi!

"Shehe, ndine wakupha," anatero.

"Mwapha yani, bambo?"

"Sindinaphe. Koma ndikagwira mpeni kuti ndizinge mbuzi, m'mutu mumabwera khosi la mwana wanga Rukiya. Ndimanena dzina la Mulungu, ganizolo osachoka. Mipeni yonse ndinaiponya m'chimbudzi, ntchito ndinasiya. Masabata atatu tsopano sindinamunyamule mwanayo. Akathamangira kwa ine ndimathawa, iye n'kumalira. Munthu woganiza zotere ndiye kuti wachita kale. Mawa ndikuchoka pakhomo, ndisanamupweteke."

Shehe sanadzidzimuke ngakhale pang'ono. Anafunsa: "Kodi lero mwafunga, mwasala kudya?"

"Ndafunga, Shehe."

"Za madzi mwaganizako?"

"Aa, ndi kutentha kuno? Kuyambira m'mawa. Madzi a mumtsuko, ozizira."

"Basitu, swaumu yanu, kusala kwanuko, yaonongeka. Pitani mukadye."

Che Yasini anachita kudumpha. "Iyayi, Shehe! Pakhosi panga sipanadutse ngakhale dontho!"

"Koma ludzu latha?"

"Lathera pati? Kukhosi kwauma gwa."

"Pepani, ine kuphunzira kwanga n'kochepa, ndithandizeni. Mwaganiza za madzi tsiku lonse, ganizolo lalephera kunyowetsa lilime lanu lomwe. Nanga likagwira bwanji mpeni?"

Che Yasini anakhala pamkeka paja, misozi ili mbwembwembwe.

"Nanga ganizoli limabwereranji, Shehe?"

"Manong'onong'o otere amafikira anthu ambiri, ndipo amakakamira pa chimene munthu amachikonda koposa. Ganizolo mukamalithawa ndiye limakula. Likabwera musakangane nalo, lisiyeni lidutse. Kuchipatala kulinso madokotala a maganizo odziwa vutoli. Lolemba ndikuperekezani ndine. Mulungu adzakufunsani za zimene manja anu achita. Ndipo pa masabata atatuwa, manja anuwo alakwa chimodzi chokha: amukana mwana. Dzuwa likalowa, pomasula kusala, chipatso choyamba cha tende mukamudyetse Rukiya ali pamiyendo panu."